Mtedza wa Kusukulu kwa Chiye

Tsiku la Etta linkayamba faifi koloko. Kudzuka, kusita yunifomu ya mwamuna wake Reinford ya kuntchito yosamalira okalamba, kumuikira mpunga wadzulo m'kontena. Sikisi koloko belu: Mariam, nesi wa ku Mangochi, kudzasiya mapasa ake a zaka ziwiri akadali m'tulo. Posakhalitsa belu linanso: Peggy wa ku Chipata, wogwira ntchito chipatala chimodzi ndi Mariam, kudzasiya khanda lake Mulenga ndi chikwama cha matewera. Kenako phala, kupukuta pakamwa patatu, kupesa mwana wake Chiye, kumuperekeza kusukulu akukankha ngolo ya mapasa khanda lili kumsana, kubwerera, kuchapa, kuyanika pakhonde, kukolopa, kugoneka ana, kuphika, kukamutenga Chiye, kusambitsa onse, ndi kubweza ana kwa eni ake ali oyera ngati sanatsike pansi.

Ntchito yolera anayi inalibe chikwangwani pakhomo la fulati yawo ku Barking. Inkayenda ndi mbiri basi. Etta sukulu anailekera Fomu 2 atatenga mimba ya Chiye, ndipo ku London kuno analibe pepala lililonse lomulankhulira. Chimene anali nacho ndi chakuti amayi a kutchalitchi akafunsana wolera ana, wina ankati, pitani kwa amake Chiye, m'nyumba mwawo mulibe chokayikitsa. Mawu amenewo ndiwo anali munda wake, ndipo ankawapalira tsiku ndi tsiku.

Sabata yomaliza sukulu isanatseke, mu Julaye wa 2006, Chiye anabwera ndi kalata. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ngakhale Chichewa ankamva chonse, ankayankha m'Chingerezi cha m'mphuno chija cha ana a ku Barking, chomeza theka la liwu. Anati aphunzitsi ake, a Miss Carol, amusankha iyeyo kuti asunge zinthu za kalasi pa holide yonse. Etta, amene anali pakati posintha thewera, anafunsa kuti zinthu zanji. Mwana anatchula liwu, ndipo khutu la Etta linamva "nats".

"Mtedza? Bweretsa, mtedza ndi chiyani kwa ine."

Anaganiza kuti ana abzala mtedza m'zitini monga anachitira ndi nyemba chaka chatha. Anasayina kalatayo ndi dzanja limodzi osaiwerenga.

Lachisanu masana galimoto ya a Miss Carol inaima pansi pa fulati. Mayiyo anakwera masitepe atanyamula kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi timabowo pamwamba, n'kukapereka m'manja mwa Etta akumwetulira. Etta anasuzumira. Munalibe mtedza. Munali tizilombo tiwiri takuda bii, totalika ngati chala chapakati, tamchira, tili phee pa pepala lonyowa. Kamodzi kanakwera khoma la bokosilo n'kuonetsa mimba yofiira psuu ngati khala la moto, yamadontho akuda.

Bokosilo Etta sanaligwetse chifukwa manja ake anazolowera kusagwetsa chimene anyamula. A Miss Carol anali akulankhulabe: tizilomboti dzina lake ndi "nyuts", timakhala m'madzi ndi pamtunda pomwe, ana amatikonda kwambiri, kusukulu akupaka penti ndiye sitingatsale, thanki yake yagalasi ili m'galimoto, ndipo iwo mawa akukwera ndege, adzaonana mu Seputembala. Etta ankangoti yes, yes. Chiye anali atagwira siketi ya aphunzitsi akewo, nkhope ikuwala ngati wapatsidwa mendulo.

Thanki inatsitsidwa n'kusiyidwa pansi pa masitepe, miyala yake ili momwemo. Reinford atabwera madzulo anasuzumira m'kabokosi, n'kubwerera m'mbuyo sitepe imodzi.

"Amake Chiye, mwayamba kuweta abuluzi?"

"Ndinamva nats."

Reinford anaseka mpaka anakhala pansi. Etta sanaseke. Anamukumbutsa kuti kwawo munthu woweta buluzi m'nyumba ali ndi dzina lake, ndipo dzinalo linakwera ndege limodzi ndi anthu, silinatsale ku Chileka. Peggy akangoona mimba zofiirazo, kapena mayi wina aliyense wa kutchalitchi, mawa lake belu silidzalira. Anauza bambo ndi mwana yemwe kuti pakamwa atseke. Tizilomboto tikhala kuchipinda chogona, kumene mlendo safika, mpaka Seputembala.

Kenako Reinford anatsika kukatenga thanki. Etta anamuuza kuti ayambe wachotsamo miyala, iye anati wanyamulapo nkhalamba zolemera kuposa pamenepo. Pa sitepe yachisanu ndi chiwiri panamveka thoo, galasi lapansi linathetheka kuchokera ngodya ina kufika ina, ndipo miyala inakhuthukira m'masitepe ngati chimanga chotayika pachigayo.

Chiye sanalire mokweza. Anangoima n'kunena chapansipansi kuti a Miss anati iye ndi wodalirika. Etta anamva mawuwo kumulowa. Iyeyo kusukulu sanauzidwepo zoterozo, ndipo tsiku limene anachokako anatuluka pa geti maso ali pansi. Anatenga tsache, n'kuuza mwanayo kuti chobwereka chimabwerera kwa mwini wake chili bwino kuposa mmene chinabwerera, apite akamutengere kapepala ka malangizo kamene aphunzitsi anasiya.

Kapepalako anakawerenga katatu, chala chikutsata mzere, Chiye akumuthandiza mawu ovuta. Loweruka m'mawa anapeza thanki yakale pa msika wa zinthu zogwiritsidwapo kale ku Dagenham, yokulirapo kuposa yoswekayo. Masana anapita kusitolo yogulitsa nsomba zoweta, ndipo kumeneko ndi kumene dziko la azungu linamudabwitsa kuposa tsiku limene anaona chipale chofewa koyamba.

Wogulitsa, bambo wandolo kukhutu, anamuonetsa thumba la miyala, lili ndi mtengo. Anamuonetsa khungwa la mtengo, nalonso mtengo. Kenako anatulutsa kapaketi ka zobiriwira zonyowa. Etta anakabweretsa pafupi ndi maso, n'kukanunkhiza. Inali ndere. Ndere yeniyeni, imene kwawo ku Namadzi ankaikwecha ndi mwala pachitsime kuti anthu asaterereke, kuno anaikulunga mu pulasitiki n'kuimata mtengo wa mapaundi anayi. Anafunsa ngati sangakatole yekha kupaki. Bamboyo anati ya kupaki imakhala ndi mankhwala opopera udzu, tizilomboto timamwa ndi khungu, sitichedwa kufa.

Chakudya chake chinali nyongolotsi zofiira zoumitsidwa ndi chisanu, zodulidwa timabuloko ngati chokoleti, zosunga m'firiji. Etta anaganiza za firiji yake, mmene munali nkhuku ndi mabotolo a mkaka wa Mulenga. Pomaliza bamboyo anaika patebulo kabotolo ka madontho, n'kunena kuti madzi a pampopi osadonthezera mankhwalawo amapha tizilomboto.

"Madzi omwe timamwawa?" Etta anafunsa.

Bamboyo anati omwewo.

"Nanga ana anga akumwa chiyani?"

Bamboyo anaseka, anati anthu ndi olimba. Etta sanakhutire, ndipo sabata yonseyo ana anamwa madzi owiritsa. Chimodzi chokha anakana kugula: chivindikiro cha waya cha mapaundi khumi ndi asanu ndi atatu. Cha thanki yosweka chinali chaching'ono, koma m'sutikesi anali ndi neti ya udzudzu imene anabwera nayo kuchokera kumudzi asakudziwa kuti kuno kulibe malungo. Inali itakhala zaka zitatu osagwira ntchito. Bamboyo anamuchenjeza kuti tizilomboto timakwera galasi. Etta anati neti imene imaletsa udzudzu wa ku Namadzi singalephere buluzi.

Kumanga kunatenga masiku anayi, ana akagona masana ndiponso akatengedwa madzulo. Chovuta choyamba chinali kutsuka thanki popanda sopo. Kapepala kanaletsa sopo ndi jiki yemwe, ndipo Etta anaikwecha ndi madzi otentha okha, mtima ukumuuza kuti akuchita zauve. Miyala anaiwiritsa mumphika waukulu wophikira pa zikondwerero. Reinford, pofuna kufafaniza mlandu wake, anacheka thabwa la pulasitiki lodulirapo ndiwo kuti likhale mpanda wogawa thanki pawiri, ndipo analimata ndi guluu wa m'sitolo muja n'kudikira masiku awiri kuti aume, fungo lithe.

Zotsalazo Etta sanafunse munthu. Anakulira m'dimba la amayi ake kudambo, ndipo ankadziwa pamene madzi ayenera kulekeza ndi pamene dothi liyenera kuyambira. Mbali ya mtunda anayala miyala pansi kuti madzi asadikhe, dothi lopanda feteleza pamwamba, kenako ndere ija, akuipsinja ndi chikhatho ngati akuzira nyumba. Anabzala timitengo tiwiri tamasamba ngati nthenga kumbuyo, n'kuvundikira khungwa kuti likhale kamphanga kobisalamo. Mbali ya madzi anathira ofika pamkono, anadonthezera mankhwala, anabzala udzu wa m'madzi poutsindira ndi timiyala. Pamene mpanda unathera anapendeketsa khungwa lina kuti likhale potsikira, chifukwa chinthu cha miyendo yaifupi choncho sichingakwere phompho. Anaona kuti potsikirapo paterera, anachotsa, anapakanda ndi foloko, n'kubwezeretsa.

Pozisamutsa ananyowetsa manja monga kapepala kananenera, anatseka maso, n'kunyamula kamodzi. Kanali kozizira, kofewa, kopepuka ngati tsamba. Kanatsetsereka pakhungwa n'kulowa m'madzi kakupalasa ndi mchira. Chiye anati kakakulu ndi Fish, kakang'ono ndi Chips, ndiwo maina amene kalasi inapereka. Etta anasamba m'manja kawiri mpaka m'zigongono. Kenako anadula neti, anaikuta pamwamba pa thanki, n'kumanga ndi lasitiki wa siketi yakale.

Sabata imeneyo London inatentha ngati Nsanje. Etta, amene zaka zitatu anazithera polimbana ndi kuzizira, kuveka ana majuzi awiriawiri, anawerenganso kapepala n'kupeza kuti tizilomboti chotipha ndi kutentha. Chamoyo chofuna chisanu anali asanachimvepo. Anayamba kuumitsa mabotolo a madzi m'firiji n'kumawayandamitsa m'thanki, kusintha katatu patsiku. Thankiyo anaiika patebulo la pakona ya chipinda chogona, kosafika dzuwa. Poti chipindacho ndicho chinali chozizirirapo m'nyumba monse, Mulenga nayenso ankamugoneka momwemo masana, chikwama chake chili pansi pafupi ndi mwendo wa tebulo.

Masabata atatu anadutsa popanda wodziwa. Mariam ndi Peggy ankalekeza pabalaza, chitseko cha kuchipinda chili chotseka.

Loweruka lina m'mawa, pakati pa Ogasiti, Chiye anapita kukadyetsa n'kubwerako akuti Chips palibe. Etta anavundukula khungwa, anapapasa mu ndere, anatulutsa udzu wa m'madzi. Kenako anaona pakona pamene lasitiki analekerera, neti itatukuka pang'ono, mpata wongolowa chala. Anasuntha bedi, anakhuthula nsapato zonse, anayang'ana kuseri kwa wodilopu ndi tochi. Ali chogwada choncho foni inalira. Anali Peggy.

"Ba Etta, bwelani manje manje. Kuli chinthu chabwela mu nyumba yanga."

Etta anafunsa kuti chinthu chanji. Peggy anati potsegula chikwama cha mwana kuti achape, m'kathumba ka zovala zonyowa za dzulo wapezamo buluzi wakuda, pansi pake pofiira ngati moto, wamoyo, akumuyang'ana. Anati waitana kale a Goodwell, mkulu wa mpingo, ndipo akufuna Etta akhalepo popeza ndiye mayi wachiwiri wa mwanayo.

Etta anaika foni pansi n'kukhala pabedi. Reinford anali kuntchito. Chiye anali atamva zonse. Anati, m'Chingerezi chake, amayi akamutenge Chips, iye analonjeza. Etta anatenga kontena ya ayisikilimu, anaboola chivindikiro ndi mpeni, anaikamo ndere yonyowa, n'kuibisa pansi penipeni pa chikwama chake. Chiye anamusiya kwa oyandikana nawo.

M'basi ya 169 yopita ku Ilford anaiyeza nkhaniyo mbali zonse. Peggy sankadziwa kumene kachilomboko kachokera. Kusitolo kuja tina totero tinalipo, mapaundi sikisi kamodzi, ndipo ana a kalasi sakanasiyanitsa. Chanzeru chinali kupita, kudabwa nawo, kupemphera nawo, n'kudzera kusitolo pobwerera. Mmene basi inkafika pa siteshoni ya Ilford anali atatsimikiza kuti achita zimenezo, ndipo kontena ija ankaiona ngati katundu wachabe.

Kukhitchini kwa Peggy mawindo anali otsegula onse. Pakati pa simenti panali mbale yagalasi yovundikira, yozunguliridwa ndi mzere wa mchere. Mkati mwake munali Chips. Kanali katapinda msana, mutu ndi mchira m'mwamba, kufiira konse kuli poyera, monga kankachitira Etta akakadzidzimutsa posintha madzi. A Goodwell, amene mkati mwa sabata ankalondera sitolo ku Stratford, anaima patali atavula jekete, Baibulo m'dzanja limodzi, paketi ya mchere m'linalo. Anauza Etta kuti aone yekha mmene chikudzionetsera, chinthu wamba sichichita mwano wotero pamaso pa pemphero. Iwo akhala ku England zaka khumi ndi chimodzi ndipo buluzi sanamuonepo ngakhale mmodzi, ndiye uyu wakwera basi yanji? Ketulo inali pamoto. Anati akamaliza pemphero athira mchere, kenako madzi owira.

Peggy anagwira Etta dzanja n'kumukhazika pampando. Maso ake anali otupa, Mulenga atamumangirira kumsana molimba ngati wina akufuna kumulanda.

"Niziba wamene achita ivi," anatero. "Ni Mariam."

Anafotokoza kuti mwezi watha anakangana ndi Mariam kuntchito pa nkhani ya mashifiti, ndipo Mariam anamuuza kuti aona. Dzulo madzulo anafika pamodzi kudzatenga ana, ndipo amene anatenga chikwama m'manja mwa Etta n'kumupatsira anali Mariam. A Goodwell anagwedeza mutu, anati zikugwirizana. Peggy anati Lolemba akauza anzake onse a ku wodi kuti adziwe munthu amene akugwira naye ntchito. Ndipo Etta asalandirenso mapasa aja, asadandaule za malipiro, iye ali ndi amayi awiri a kutchalitchi amene akufuna wolera, awabweretsa sabata yomweyo.

Etta anayang'ana mbale ija. Chikwamacho anachinyamula yekha pansi pa tebulo dzulo, anatseka zipi yekha, ndipo Mariam anangothandiza chifukwa Peggy manja anali ndi mwana. Ketulo inayamba kulira. A Goodwell anatsegula Baibulo.

Etta anaimirira, anapita pasinki, ananyowetsa manja onse awiri. Peggy anaganiza kuti akusamba kuti apemphere. Etta anatulutsa kontena m'chikwama, anagwada, anadumphitsa dzanja mzere wa mchere, n'kutukula mbale. A Goodwell anabwerera mpaka anagunda firiji. Kachilomboko kanali kataumirira khungu, kopepuka kuposa kale. Anakaika pa ndere n'kutseka.

"Si Mariam," anatero akadali chogwada. "Kachokera kwanga."

M'khitchinimo munangotsala kulira kwa ketulo. Etta anadzuka n'kuizimitsa, poti palibe amene ankasuntha. Kenako anafotokoza zonse mwa dongosolo lake: kalata, liwu limene analimva molakwa, aphunzitsi, thanki yosweka, neti. Anati tilipo tiwiri, n'ta kalasi ya Chiye, tili ndi maina, ndipo aliyense wofuna atha kukwera naye basi pompano akaone, kapepala ka kusukulu kali pakhoma.

A Goodwell anafunsa kuti ndi sukulu yanji imene imapatsa mwana buluzi kuti akagone naye. Etta anati ya kuno. Anafunsanso kuti nanga bwanji chinthucho sichinathawe pamene anachigwira, chinangokhala phee ngati chikumudziwa. Etta anati chatopa, chagona m'thumba usiku wonse.

"Chabwino, mayi," anatero a Goodwell, mawu atatsika. "Ngati zili za sukulu, munabisiranji?"

"Ndinkaopa zomwe mukuchitazi."

Yankholo linali loona, koma Etta analimva yekha kuti silikukwanira. Peggy anali atamasula mwana kumsana n'kumufungatira kutsogolo. Anafunsa kuti thankiyo ili chipinda chiti. Etta anamuuza. Anafunsa kuti Mulenga amagona chipinda chiti masana. Etta anamuuzanso.

"Three weeks," Peggy anatero pang'onopang'ono. "Mwana wanga agona na vinthu ivi three weeks, imwe muniseka pa door, ati zonse zili bwino."

Etta anafuna kunena kuti tizilomboto sitiluma, kuti ankasamba m'manja nthawi zonse, kuti mwanayo sanakhudzepo galasi. Anaona kuti zonsezo sizikuyankha zimene Peggy wanena. Anati pamenepo walakwa, anayenera kumuuza tsiku loyamba, ndipo akupepesa. Koma za Mariam azisiye, asakatchule dzina lake kuntchito, mayiyo sakudziwa kanthu.

Peggy sanayankhe za Mariam. Anati Lolemba Etta asamudikire. A Goodwell anatsegulira Etta chitseko atagwira chogwirira ndi mpango.

Chips anachira. Etta anamuika pambali ya madzi osaya, ndipo pofika madzulo anali atayamba kupalasa. Tsiku lomwelo Etta anabwerera kusitolo kukagula chivindikiro cha waya, ndipo bambo wandolo uja anangomuonetsa mmene timaloko take timatsekera.

Lamlungu kutchalitchi nkhani inali itafika kale. Palibe anamunena pamaso. Amayi anamupatsa moni wa pakamwa manja ali pa zikwama, ndipo mayi wina amene mwana wake anathamangira kwa Etta monga mwa masiku onse anamukoka mwanayo pamkono. Pa benchi yawo panakhala Etta, Reinford ndi Chiye, kenako mpata wokwana anthu atatu.

Lolemba sikisi koloko belu linalira. Etta sanalandire mapasa pakhomo. Anauza Mariam kuti alowe kaye, ali ndi choti amuonetse asanasiye ana, ndipo akatha kuona asankhe yekha. Anamutsogolera kuchipinda n'kumuuza zonse, ndi za dzina lake lomwe. Mariam anawerama pa thanki nthawi yaitali, akuyang'ana ndere, timitengo, Fish ali pakhungwa. Anayesa chivindikiro ndi chala. Anafunsa kumene nyongolotsi zimasungidwa, ndipo ataona kuti zili m'kontena yakeyake yomata, anati zichoke pa shelefu ya mkaka zipite pansi penipeni.

"Ndiye Peggy amati ndine?" anafunsa akuwongoka.

Etta anavomera. Mariam anakonza wotchi ya pa yunifomu.

"Mukanangokhala chete, asisi, bwenzi lero ndikulowa mu wodi anthu akundithawa." Anayang'ananso thanki ija. "Koma inunso, ndere mpaka kugula?"

Anasiya mapasa n'kuthamangira sitima. Belu lachiwiri silinalire tsiku limenelo, ngakhale masiku otsatira. Peggy kuntchito sanatchule Mariam, koma za Etta anauza aliyense wofunsa, ndipo ankanena zoona zokhazokha: kuti mayiyo ankasunga abuluzi m'chipinda chogoneka ana, osauza makolo. Amayi awiri aja anapeza wolera wina ku Ilford.

Sukulu itatsegulidwa, Etta anapungula madzi, anaika tizilombo m'kontena, ndipo iye ndi Reinford ananyamula thanki pamodzi, sitepe imodzi imodzi, mpaka m'takisi. A Miss Carol anagwira pakamwa poiona. Etta anawauza kuti yawo inasweka, iyi ndi yolowa m'malo, ndipo botolo la madzi oundana liziikidwa kukatentha. A Miss Carol anafunsa ngati angabweze ndalama zimene zinapita. Etta anati ayi, anaswa ndi a m'nyumba mwake. Chiye anaima kutsogolo kwa kalasi n'kufotokozera anzake chifukwa chake potsikira pali mikwingwirima ya foloko.

Thanki inadya £15. Miyala £6, khungwa £5, ndere £4, zomera £11, guluu £5, madontho a madzi £4, nyongolotsi za masabata asanu ndi limodzi £7. Thabwa lodulirapo ndiwo latsopano £3. Chivindikiro £18, takisi £8. Zonse pamodzi £86. Mulenga ankabweretsa £60 pa sabata, ndipo malo ake anakhala opanda mwana masabata khumi ndi asanu ndi anayi, mpaka mu Januwale, pamene nesi wina wa ku Ghana, mnzake wa Mariam, anabweretsa wake. Kuchokera kutchalitchi sikunabwerenso mwana aliyense.